Amene sanamanidwepo malipiro panyanja asafulumire kuweruza

Achimwene, zoti ma pirate, olanda sitima panyanja, anali mbava wamba pomwe ma privateer anali olongosoka chifukwa anali ndi kalata ya mfumu yowaloleza kulanda sitima za adani, ine ndakana.

Mu 1694 Henry Every ndi anzake anali pa sitima yotchedwa Charles II padoko la A Coruña ku Spain, ulendo wake wovomerezeka ndithu. Miyezi inkangopita osalipidwa, akazi awo ku London akulirira eni sitima koma osamveka. Usiku wina mu Meyi analanda sitimayo, nkuitcha Fancy, nkuzungulira nayo Africa mpaka ku Madagascar ndi ku Comoros. Chinawatembenuza ndi bodza la mabwana.

Bodza limenelo ineyo ndinalilawa. Ndinagwirapo ntchito pa sitima yopha nsomba yonyamukira ku Cape Town, ejenti wina atatilonjeza madola. Tisanaike ndi zikwama pansi, kaputeni anatolera mapasipoti athu nkukawatsekera kuchipinda kwake. Usiku wina tikukoka chingwe cha mbedza, mphepo yozizira ikudula nkhope, chingwecho chinandikola chala chapakati nkuchipanikizira pachitsulo. Povula golovesi chikhadabo chinatsalira momwemo, magazi akudonthera pa mamba a nsomba. Kapitawo anabwera, kuyang'ana kamodzi basi, nkundikulunga ndi tepi yomatira makatoni. Anandipatsa mapiritsi awiri, akuti bwerera pamalo pako, nsomba sizidikira. Ndinaima mpaka kucha dzanja likugunda, misozi ikutuluka yokha. Balalo linatupa, ndinagona ndikunjenjemera. Titafika kumtunda ejenti uja anatulutsa pepala, wadula za chakudya, wadula za magambutsi, wadulanso masiku amene ndinadwala chifukwa cha ntchito yake yomweyo. Munthu wopanda chisoni ameneyu, ankawerenga uku akumwa tiyi. Chalacho mpaka lero sichipinda.

Ndiye mukamva kuti pa sitima za Bartholomew Roberts, mtsogoleri wa ma pirate cha m'ma 1720, aliyense anali ndi voti, ndipo woduka mwendo kapena mkono pantchito ankapatsidwa ndalama zasiliva 800 kuchokera m'thumba la onse, musadabwe kuti amalinyero ena ankalowa gululo mwakufuna kwawo.

Sindikuwayeretsa ayi. Mu 1695 anthu a Every analanda Ganj-i-Sawai, sitima ya mfumu Aurangzeb ya ku India imene inanyamula anthu ochokera ku Mecca, ndipo anazunza anthuwo nkugwirira amayi. Nkhanza zenizeni. Koma ena mwa iwo atagwidwa, pa mlandu umenewo khoti la ku London linawapeza osalakwa. Boma linawazenganso mlandu wolanda Charles II ija, ndipo asanu ananyongedwa mu 1696. Anafera katundu wa mabwana, osati amayi aja. Every mwiniwake sanagwidwe.

Nanga kalata ya mfumuyo? Francis Drake analanda chuma cha Spain, Mfumukazi Elizabeth nkutengako gawo lake, nkumupatsa ulemu wa Sir mu 1581. William Kidd ananyamuka mu 1696 ndi kalata ya Mfumu William III, ndalama za ulendo zitachokera kwa akuluakulu aboma. Mu 1698 anagwira Quedagh Merchant, yomwe inali ndi chiphaso cha France, mdani wa England pamene ankanyamuka. Zinthu zitavuta akuluakulu aja anamutaya. Mapepala amene akanamuthandiza anasowa pa nthawi ya mlandu, anadzapezeka m'nkhokwe za boma patatha zaka zoposa 200. Inde anaphanso wantchito wake pomumenya ndi chidebe, koma omutumawo palibe amene analangidwa. Ananyongedwa ku Wapping, ku London, mu 1701, mtembo wake nkuupachika m'mbali mwa mtsinje wa Thames.

Kwa achinyamata amene mukufuna za panyanja, musakwere opanda kontrakiti yosainidwa. Ijambuleni pafoni pamodzi ndi pasipoti, mutumize kwa abale kumudzi. Kaputeni akakulakwirani musalimbane naye pakati pa madzi, ugwireni mtima mpaka padoko, kenako mukafunefune a bungwe la ITF loona za ogwira ntchito m'sitima, mukawaonetse pepalalo.