Njanji ikadali pa mapu: yankho kwa mayi wochita lendi ku Cosmo City

Mayi, uthenga wanu ndawulandira, ndipo ndiwuyankha poyera chifukwa a kumudzi ambiri okhala mbali ya Randburg ndi Cosmo City, kuno ku Johannesburg, akhala akundifunsa zofanana. Mwanena kuti mwakhala zaka zinayi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, momwe mumagonamo ndi ana awiri komanso kusokeramo zovala za anthu. Sabata yatha mastande, mwini nyumbayo, anakuuzani kuti sitima ya Gautrain idzadutsa pamalopo, choncho mutuluke mwezi ukamatha, ndipo dipoziti sabweza poti si iwo akukuchotsani koma boma. Mwanenanso za bambo wina amene akuyenda khomo ndi khomo ndi kope, kulemba mayina a anthu odzalandira chipukuta misozi, aliyense akulipira R200. Funso lanu ndi lakuti mulongedze kapena ayi.

Musalongedze, ndipo R200 yanuyo muguliremo ulusi.

Nkhani ya sitimayi si bodza ayi. Gautrain yomwe ilipo panopa ndi ya makilomita 80 ndi masiteshoni 10, ndipo boma la chigawo cha Gauteng likufuna kuiwonjezera. Gawo loyamba la ntchito yowonjezerayo ndi njanji yochoka ku Marlboro, kudzera ku Sandton, Randburg ndi Cosmo City, kukafika ku Little Falls. Mu 2022 nduna ya chigawo yoona za misewu ndi mtengatenga, imene kuno timangoti MEC, inalengeza mu Provincial Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma la chigawo, njira imene njanjiyo idzatsate. Apa ndi pamene mphekesera zonse zinabadwira. Koma kulengeza njira ndi sitepe yoyamba chabe ya ulendo wautali umene lamulo la Gauteng Transport Infrastructure Act la 2001 linayala, ndipo mastande wanu walumpha masitepe onse otsalawo ngati kuti mathirakitala afika kale pa geti.

Chimene MEC analengeza ndi mzere pa mapu ndi mpata wa mamita 200 mbali iyi ndi mamita 200 mbali inayo. Njanji yeniyeni sifuna malo aakulu chonchi. Mpatawo ndi wongosungira malo, kuti munthu wofuna kusintha kagwiritsidwe ka malo ake, monga kugawa puloti kapena kusandutsa malo okhala kukhala a bizinesi, pempho lake lidzere kaye kwa MEC. Sukulanda nyumba ya munthu, sukuthetsa lendi ya munthu. Pambuyo pake pamabwera mapulani a akatswiri osonyeza penipeni podutsa njanji, ndiponso ngati idzayenda pansi pa nthaka, pamtunda kapena pa milatho. Mfundo imeneyi anthu amaidumpha, koma ndi yaikulu: pa Gautrain ya lero, makilomita pafupifupi 15 kuchoka ku Park Station kukafika ku Marlboro ali m'ngalande ya pansi, ndipo nyumba zambiri za pamwamba pake zikadali chiimire. Nyumba ikhoza kukhala m'kati mwa mpata uja koma osagwetsedwa. Pamafunikanso kafukufuku wa momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, motsatira lamulo la National Environmental Management Act la 1998. Zonsezi zikatha ndi pamene boma limalengeza malo enieni a njanji n'kuyamba kugula kapena kutenga malo a anthu. Ndipo ndalama zomangira zimayenera kupezeka kaye.

Kuti muone kutalika kwa njirayi, Gautrain yoyamba inalengezedwa mu 2000, nthawi imene Mbhazima Shilowa anali mtsogoleri wa chigawo cha Gauteng, mpaka anthu ankaiseka kuti Shilowa Express. Kumanga kunayamba mu 2006. Sitima yoyamba inanyamula anthu pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo mu June 2010, ndipo ku Park Station inafika mu 2012. Pakatipo anthu a ku Muckleneuk, ku Pretoria, anakafika mpaka kukhoti kutsutsa njira imene inasankhidwa. Njanji siibwera usiku ngati wakuba.

Tsopano za inu ndi mastande. Gawo 26(3) la malamulo aakulu a dziko la South Africa likuti palibe munthu angatulutsidwe m'nyumba imene akukhala, kapena kumugwetsera nyumbayo, popanda chilolezo cha khoti. Mawu ake ndi akuti "palibe munthu", osati "palibe nzika". Mmalawi wochita lendi m'chipinda cha kuseri akutetezedwa chimodzimodzi ndi mwini nyumba ya ku Sandton. Ndondomeko yake ili m'lamulo la 1998 limene maloya timalifupikitsa kuti PIE. Mwini nyumba ayenera kuyamba wathetsa mgwirizano wa lendi mwalamulo, kenako akapemphe kukhoti. Inu ndi khonsolo ya mzinda muyenera kulandira kalata ya khoti patatsala masiku osachepera 14 kuti mlandu umvedwe. Woweruza amafunsa ngati kukutulutsani kuli kwachilungamo, ndipo amayang'ana ngati m'nyumbamo muli ana, okalamba, olumala, kapena ngati mutu wa banja ndi mayi. Zinthu ziwiri mwa izi zikukukhudzani. Khoti likavomera, limatchula tsiku, ndipo wokutulutsani ndi sherifu wa khoti, osati mastande ndi anyamata ake. Khoti lalikulu loona za malamulo aakulu linagamulanso mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, kuti mzinda wa Johannesburg uli ndi udindo wopezera pogona pongoyembekezera anthu osauka amene akatulutsidwa angagone panja, ngakhale wowatulutsayo akhale munthu wamba.

Sindikufuna kukunamizani kuti chipindacho ndi chanu mpaka kale. Ngati mumalipira mwezi ndi mwezi popanda pepala lotchula nthawi, mastande ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano pokupatsani notisi ya mwezi wathunthu, sitima ibwere kapena isabwere. Chimene alibe ndi ufulu wokutulutsani ndi manja ake. Akakhoma loko wina pachitseko, akadula magetsi kapena madzi, akatulutsa makina anu osokera n'kuwaika pabwalo, walakwira lamulo la Rental Housing Act la 1999, ndipo khoti la majisitireti likhoza kulamula mwachangu kuti akubwezereni m'nyumba. Zikachitika, jambulani ndi foni nthawi yomweyo: lokoyo, katundu ali panjayo, ndi mita ya magetsi.

Malo oyamba kupitako, asanafike pochita zimenezo, ndi Gauteng Rental Housing Tribunal. Ndi bwalo la boma lomva madandaulo a eni nyumba ndi ochita lendi, salipiritsa, ndipo simufunika loya. Mukapereka dandaulo, mwini nyumba saloledwa kukutulutsani mpaka bwalolo litagamula kapena patatha miyezi itatu, malinga ndi chimene chayamba kuchitika. Koma lendi muzilipirabe. Apa ndi pamene anthu athu ambiri amagwera m'mbuna: akapsa mtima amaleka kulipira, ndipo potero amapatsa mwini nyumba chifukwa chenicheni chimene analibe. Lipirani pa tsiku lake, makamaka kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni. Ngati ndi ndalama za pamanja, lamulo likukakamiza mwini nyumba kukupatsani lisiti yolembedwa. Bwalo lomweli lili ndi mphamvu younika ngati chifukwa chothetsera lendi chili chachilungamo, monga khoti linanenera pa mlandu wa Maphango mu 2012. Ine ndikuganiza kuti kunamizira sitima imene sinafike n'komwe ndi nkhani yoti bwalolo liimve.

Dipoziti ndi yanu. Lamulo likuti mwini nyumba aisunge ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo potuluka muyendere limodzi chipindacho kuona ngati pali chowonongeka. Ngati palibe ndipo mulibe ngongole, abweze yonse ndi chiwongoladzanja chake pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, achotsepo mtengo wake, akuonetseni malisiti, n'kubweza yotsalayo. M'lamulomo mulibe mawu akuti dipoziti imafa kukamveka za njanji.

Tiyerekeze kuti patapita zaka boma latsimikizadi kuti pulotiyo likuifuna. Gawo 25 la malamulo aakulu limalola boma kutenga malo a munthu pa ntchito yothandiza anthu onse, koma lilipire chipukuta misozi chachilungamo. Poyeza ndalamazo amaona mtengo wa malowo pa msika, mmene akugwiritsidwira ntchito, mbiri ya mmene mwiniwake anawapezera, ndalama zimene boma linaikapo, ndi cholinga chowatengera. Ndalama za boma zikutchulidwazi n'zofunika ku Cosmo City, kumene nyumba zambiri ndi za RDP, zomwe boma linamangira anthu osauka. Notisi yotenga malo imakhala yolembedwa, yotchula nambala ya puloti, tsiku limene umwini ukusamukira ku boma, ndi tsiku limene boma lidzalowe pamalopo. Mwiniwake akakana mtengo, nkhani imapita kukhoti. Ndalama ya nyumba ndi nthaka ndi ya amene dzina lake lili pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, osati ochita lendi. Komabe wochita lendi sangotayidwa ngati chitsa. Lamulo lakale la Expropriation Act la 1975 limakakamiza mwini malo, pasanathe masiku 60 chilandirireni notisi, kuuza boma za anthu amene ali ndi mgwirizano wa lendi pamalopo. Lamulo latsopano la 2024, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina ndipo linalengezedwa mu January 2025, limatchula momveka anthu amene ufulu wawo pa malo sunalembetsedwe, monga ochita lendi, kuti nawonso adziwitsidwe ndi kulipidwa pa zimene ataya. Lamulolo limayamba kugwira ntchito pa tsiku limene Pulezidenti walengeza mu Gazette, choncho notisi ikadzafika loya adzayamba waona tsiku lake kuti adziwe malamulo ogwira pa nkhani yanu.

Muone tsono chimene chingakhale kuseri kwa changu cha mastande. Wochita lendi amene wachoka notisi ya boma isanabwere alibe chodzafunsa kwa wina aliyense. Amene alipo, ali ndi umboni, ndi amene amawerengedwa. Sindikuti mastande wanu waganiza mpaka pamenepo. Mwina wangopeza munthu wolipira zambiri, mwina nayenso wamva mphekesera ku renki ya matakisi n'kuchita mantha. Koma kutuluka lero kukupindulitsa iye, osati inu.

Choncho mupempheni kuti mgwirizano wanu ulembedwe. Lendi ya pakamwa ndi yovomerezeka, koma lamulo likuti wochita lendi akapempha, mwini nyumba ailembe. Akakana, mutumizireni uthenga wa WhatsApp wonena mwaulemu tsiku limene munalowa, lendi imene mumalipira, ndi dipoziti imene munapereka, ndipo musunge yankho lake. Ndinathandizapo bambo wina amene umboni wake wonse unali kope la ana asukulu, lothimbirira ndi mafuta ophikira, momwe mkazi wa mastande ankasaina mwezi uliwonse polandira ndalama. Kope lija ndi limene linamuwombola. Inunso kope lanu la maoda, lija mumalembamo miyeso ya makasitomala ndi mitengo ya madiresi, mulisamale. Ndi limene lingadzasonyeze zimene mumapeza pa mwezi ngati padzakhale nkhani ya kutayika kwa bizinesi. Dziwani chabe kuti PIE imateteza pogona, osati shopu payokha. Inu mwapulumukira poti mumasokera momwe mumagonamo.

Za bambo wa kope ndi R200, ndinene mosapsatira: palibe ndondomeko ya boma yotenga malo imene munthu amalipira kuti alembedwe. Mndandanda weniweni umene mungalowemo ndi wa anthu okhudzidwa pa kafukufuku wa zachilengedwe uja. Kulembetsa kwake ndi kwaulere, sikufuna kuti mukhale mwini malo, ndipo zidziwitso zake zimaikidwa m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani m'dera lokhudzidwa. Mukalembetsa, amakutumizirani malipoti ndipo mumapatsidwa masiku osachepera 30 oti munenepo maganizo anu, za phokoso, fumbi, njira ya ana yopita kusukulu, kapena kumene ochita lendi adzapite. Mayi, misonkhano imeneyi muzipitako, ndipo mutenge anzanu a m'zipinda za kuseri. Nthawi zambiri mumadzaza eni nyumba okhaokha, kenako lipoti limatuluka ngati kuti pa puloti iliyonse pamakhala banja limodzi, chonsecho kuseri kuli mabanja anayi. Chiganizo chikadzatuluka ndipo simunakhutire, lamulo la Promotion of Administrative Justice Act la 2000 limakupatsani masiku 90 opempha zifukwa zolembedwa, ndi masiku osapitirira 180 okadandaula kukhoti. Apilo ya zachilengedwe ili ndi nthawi yaifupi kwambiri kuposa pamenepa, choncho kalata yotero isagone m'chikwama.

Ndikudziwa chimene chimatsekereza ambiri pakhosi, ngakhale simunachitchule: mapepala okhalira m'dziko muno. Ufulu wosatulutsidwa popanda khoti sudalira pasipoti kapena pemiti. Nkhani ya mapepala ili ndi malamulo akeake, ndipo ngati anu ali ndi vuto, muuzeni loya wanu pa tsiku loyamba. Zimene mumauza loya ndi zachinsinsi. Eni nyumba ena amaopseza kuti aitana apolisi. Mawu otero asungeni, chifukwa kuopseza wochita lendi ndi dandaulo lina limene Tribunal imalandira.

Kuti mudziwe ngati puloti yanu ili m'kati mwa mpata uja, lemberani Gautrain Management Agency, bungwe la boma la chigawo loyang'anira ntchitoyi, mutchule nambala ya puloti ndi ekisitenshoni yanu. Nambalayo imakhala pa bilu ya khonsolo imene mastande amalandira. Thandizo laulere la maloya mungakalifunse ku Legal Aid South Africa, ku Wits Law Clinic, ku Lawyers for Human Rights, kapena ku SERI, bungwe limene lamenyera milandu yambiri ya anthu otulutsidwa m'nyumba mu Johannesburg. Zimene ndalembazi zachokera pa mbali yanu yokha ya nkhani, ndipo loya amene adzaone mapepala akhoza kupeza china chosintha malangizo. Popita kumeneko mutenge malisiti kapena mauthenga a ku banki, mauthenga onse a mastande osafufuta ngakhale umodzi, makalata a kusukulu a ana osonyeza adiresi, ndi kope la maoda lija. Lendi ya mwezi uno mulipire monga mwa masiku onse.