Msikotishi amene anamanga St Michael wopanda pulani

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo ndi funso ili: "Ndimamva kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels cha pa HHI ku Blantyre anachimanga mzungu amene sanaphunzireko za zomangamanga. Kodi n'zoona? Nanga munthuyo anali ndani?"

Mayi, n'zoona ndithu. Dzina lake David Clement Scott, wobadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1853. Anali m'busa wa Church of Scotland, ndipo kusukulu anaphunzira za ubusa, osati za njerwa. Anafika ku Blantyre mu 1881, mishoni ili ndi zaka zisanu zokha koma mbiri yake itaipa kale. Amishoni oyamba anadzisandutsa mafumu, kumaweruza milandu ndi kumakwapula anthu, mpaka nkhani inamveka ku Scotland, mtsogoleri wawo Duff Macdonald n'kuchotsedwa. Scott anatumizidwa kudzakonza zimenezo.

Ntchito ya tchalitchi inayamba mu 1888. Apa ndiye pamene ine ndimagoma. Panalibe pulani yojambulidwa bwinobwino papepala, monga amachitira akatswiri. Scott akaganiza kuti khomo likhale lokhota pamwamba, kapena kuti mzati uoneke mwakutimwakuti, iye ndi amisiri ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope, n'kuona ngati ziima ndiponso ngati zikukomera diso. Zikakanika, ankaphwasula n'kuyesanso. Zikatheka, m'pamene ankamanga zenizeni. Njerwazo zinkaumbidwa pomwepo ndi dothi la m'deralo, n'kuotchedwa ndi nkhuni. Ndipo sizinali za chikombole chimodzi ayi. Ankasema zikombole za matabwa zosiyanasiyana, ndipo amene anawerengapo amati njerwa za m'nyumbayi zilipo mitundu pafupifupi 81.

Mukadzapitako, musathamangire kulowa. Imani kaye panja muyang'ane nsanja ziwiri za kumaso kuja: sizofanana. Kenako yandikirani khoma muone momwe njerwa zina zathera mokhota, zina zosongoka, zina zotuluka pang'ono kuti zipange mzere wa chithunzithunzi dzuwa likapendeka. Denga lozungulira lija, lokhala ngati mphika wovundikira, nalonso linatuluka m'mutu mwa munthu yemweyu. Tchalitchi anachipatula pa 10 May 1891, ndipo mpaka lero a CCAP a Sinodi ya Blantyre akupemphereramo.

Koma pali mfundo imene sindifuna itaike, Mayi. Tikamangoti "Scott anamanga tchalitchi", timakhala tanena theka la nkhani. Amene anaponda dothi, kuumba, kusonkha moto pauvuni usiku, kukwera pamwamba ndi kuyala njerwa imodziimodzi anali anthu a konkuno, ndipo ambiri a iwo anali asanamangepo nyumba ya njerwa. Anaphunzirira pantchito pomwepo, limodzi ndi iyeyo. Ine ndimaona kuti luso lalikulu la Scott silinali lojambula, koma kukhulupirira kuti manja a Amang'anja ndi Ayao angathe ntchito yoteroyo, pa nthawi imene azungu anzake ambiri ankati munthu wakuda ndi wongosenza katundu basi.

Chikhulupiriro chomwechi chimaoneka m'zina zonse zimene anachita. Anaphunzira Chimang'anja mozama, ndipo mu 1892 anatulutsa dikishonale yaikulu ya chinenerochi, imene mmishoni mnzake Alexander Hetherwick anadzaikonzanso mu 1929. Anasankha anyamata a konkuno kukhala madikoni ndi kuwapatsa udindo weniweni. Pagulu limeneli panali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzadzozedwa ubusa mu 1911, ndi John Gray Kufa, amene boma la atsamunda linamupha mu 1915 chifukwa cha nkhondo ya Chilembwe. M'nyuzipepala ya mishoni, Scott sankaopa kudzudzula Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda pa nthawiyo, kapena kampani ya Cecil Rhodes. Zimenezi sizinamupezere abwenzi pakati pa azungu a minda ndi a boma, ngakhale mumpingo mwake momwe.

Mapeto ake anali owawa. Mu 1895 anataya mkazi wake komanso mbale wake, dokotala William Affleck Scott. Madandaulo a azungu anachititsa kuti mpingo utumize anthu odzafufuza kayendetsedwe ka mishoni, thanzi lake nalo linafooka, ndipo mu 1898 anachoka ku Blantyre osadzabweranso kudzagwira ntchito. Mu 1901 anapita kukatsogolera mishoni ya Kikuyu ku Kenya, komwe anamwalira mu 1907.

Ngati muli ndi ana a sukulu kunyumbako, atengeni tsiku la pakati pa sabata pamene pabwalo pali phee, muwapatse ntchito yowerenga mitundu ya njerwa pakhoma limodzi lokha la kumaso.