Musanyamuke ndi mashoko otuluka oyilo, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati munganyamuke ulendo wa ku Malawi ndi ngolo yanu yokokedwa ndi galimoto. Ngati shoko yakumanzere, kachipangizo koletsa ngolo kudumphadumpha, yayamba kale kuchucha oyilo monga mwaneneramu, ndipo ngoloyo mukufuna kuidzaza katundu wa Disembala, musinthe mashoko onse awiri musanachoke mu Johannesburg muno. Ine zinandionekera, ndipo mpaka lero ndikamva ngolo ikugunda kumbuyo mtima wanga umathamanga.

Ndinapita ndi ngolo yanga kwa makaniko wina kuno ku Joni kuti aione ndisananyamuke, ndipo anandiuza kuti wandiikira mashoko atsopano, ine n'kulipira ndalama zonse osawiringula. Tinadutsa Polokwane ndi Musina bwinobwino chifukwa msewu wa N1 ndi wosalala, koma titawoloka Tete usiku, tikulowera ku Zobue, ngolo inayamba kudumpha pa dzenje lililonse osakhazikika, kenako inayamba kugwedezeka uku ndi uku mpaka kumakoka galimoto. Potsika chitunda china tayala lakumanja linaphulika, ngolo inapendekeka, zingwe zinaduka, ndipo firiji ya mayi wina wa ku Ndirande, amene anagwira ntchito ya m'nyumba chaka chathunthu kuti aigule, inagwera pa phula ine ndikuona pa galasi. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, ndinayatsa tochi ya foni, ndipo nditagwira mashoko aja anali ozizira ngati sitinayende n'komwe, pamene shoko yogwira ntchito imafunda ukayenda mtunda wautali. Nditakanda ndi chikhadabo, penti yakuda inasupuka, dzimbiri n'kuonekera pansi pake. Munthu uja anangopaka penti mashoko anga akale omwewo! Nditabwerera anakana kuti sanandionepo, ndipo poti sindinatenge lisiti, firiji ija ndinalipira ndekha kwa miyezi inayi. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti tinkayankhula chinenero chimodzi ndipo ankanditchula kuti m'bale wake.

Opanga mashoko ambiri amati muganize zosintha akakwana makilomita 80,000, koma chiwerengero chimenecho musachidalire pa ngolo zathuzi, zimene zimanyamula mopitirira muyezo n'kumayenda m'maenje a ku Mozambique. Onani matayala: akamadyeka mwa zigambazigamba, pena pokumbika pena potukuka, ndiye kuti tayala likudumpha m'malo mogwira msewu. Onaninso mabushi a labala pamene shoko yamangidwa, ngati ang'aluka kapena bawuti ikusewera. Kanthunzi kochepa ka oyilo pa thupi la shoko si vuto kwenikweni, koma oyilo akamayenderera mpaka kumata fumbi, shokoyo yatha. Mukumbukirenso kuti katundu amanyamulidwa ndi masipuling'i, shoko ntchito yake ndi kuletsa kudumpha basi, choncho ngolo ikakhala yotsamira mbali imodzi, vuto lili ku masipuling'i ndipo mashoko atsopano sangalithetse.

Komabe musayese kumanga nokha pa msewu, pitani kwa makaniko, popeza kumanga molakwika kumathyola bulaketi. Ingogulani mashokowo nokha ku sitolo ya zipangizo, akadali m'bokosi lake, muime pomwepo akumanga, ndipo akale aja akupatseni m'manja. Ngati ndalama zavuta ndithu, ogwiritsidwapo kale ntchito amene ali olimba akhoza kukufikitsani ku Mwanza, bola muwapanikize ndi manja kuti mumve ngati akulimbalimba potsika ndi pokwera pomwe.