Anyezi wa pa pizza: kumukazinga kaye kapena kumuika wamuwisi?

Mayi wina wa ku Kapata, ku Chipata, wanditumizira imelo. Akuti ana anawaumiriza mpaka Loweruka anaphika pizza, koma pakati panatuluka ponyowa ngati phala, anyezinso ali wowawa mkamwa. Funso lawo ndi lakuti, kodi anyezi azimukazinga kaye kapena ayi?

Amayi, mlandu wonse uli pa madzi. Mwa magawo 10 a anyezi, pafupifupi 9 ndi madzi okhaokha. Ku Naples, kwawo kwa pizza, uvuni wa nkhuni umatentha kuposa madigiri 400 ndipo pizza imapsa m'mphindi imodzi ndi theka, madziwo n'kuuluka asanalowerere pansi. Uvuni wathu wa m'nyumba umalekezera pa madigiri 250. Anyezi wamuwisi amangokhala pamenepo n'kumatuluka thukuta, thukutalo n'kumanyowetsa ufa wokandawo.

Ndiye ine ndimakazinga. Tengani anyezi atatu akuluakulu, owuma khungu, osati aja a masamba ongozulidwa kumene ku dimba. Muwadule pakati, kenaka muwaduledule mopyapyala motsata mizere, kuchokera ku mizu kupita kunsonga. Wodulidwa motero sawawa kwambiri ndipo saphwanyika pa moto. Thirani saladi (mafuta ophikira) masupuni awiri mu pani, mchere pang'ono, moto wochepa. Apa m'pamene ambiri timagonja, chifukwa tinazolowera anyezi wa ndiwo amene timangomutembenuza kawiri n'kuthira matimati. Uyu amafuna mphindi 30 kapena 40. Poyamba amalowa pansi n'kuwala ngati galasi, kenaka amayamba chikasu, pomaliza amafiira ngati uchi ndipo fungo limafika mpaka kwa aneba. Akayamba kugwira pansi, thiranimo supuni ya madzi mupalepale. Shuga musaike, anyezi ali naye wake.

Ine tsiku lina ndinathamangira, makala ali lawilawi. M'mphindi 10 anyezi anada m'mbali, pakati ali wamuwisi, ndipo kuwawa kwake ngakhale tchizi sanakubise. Pa mbaula dikirani makala achite phulusa pamwamba.

Akapsa musadabwe: anyezi atatu aja amatsala wokwana m'kapu imodzi. Azizire kaye, ndipo mumuyale pansi pa tchizi, poti pamwamba angapserere.

Ngati ana amakonda anyezi wokhukhuta, njira ilipo. Gulani wofiira, pa msika wa Saturday Market sasowa. Mumudule mopyapyala zedi, mumuviike m'madzi ozizira mphindi 10 kuti ukali uchoke, mumupukute ndi kansalu mpaka aume, mumupake timafuta n'kumuwaza pamwamba penipeni pa tchizi. Pang'ono pokha, tchizi azioneka. Uvuni muyatsiretu pa moto wake wonse kwa mphindi 20 pizza isanalowe.

Koma magetsi akathima, n'kumaphikira mu pani pa mbaula, makala ena pa chivundikiro monga timachitira ndi chikondamoyo, wamuwisiyo muiwaleni. Nthunzi imasowa potulukira, imabwerera pa pizza pomwepo. Masiku oterowo ine ndimakazingiratu anyezi madzulo, n'kumusunga m'botolo lotseka bwino, mawa lake ntchito n'kungokanda ufa.