Voisi ya msuweni wa ku Joni: za open interest ndi malole a malume

Halo... ikujambula? Eya ikujambula. Msuweni, funso lako ndinaliona dzulo usiku koma ndinali kuntchito, ndiye ndati kulemba ayi, bola ndingolankhula. Wafunsa kuti kodi munthu akamayang'ana open interest angadziwe ngati mabanki ndi makampani akuluakulu akugula kapena akugulitsa. Funso la anthu ophunzira ndithu, hahaha. Koma iwe ndimakudziwa, tinadyera mbale imodzi, sunafunsepo chinthu chongofuna kudziwa basi. Pali ndalama ikukuyabwa m'thumba. Ndi ya malata ija eti? Usayankhe pagulu pano, azakhali akumva.

Chabwino, ndiyambe ndi... ayi, dikira kaye, ukuwakumbuka malume ndi kope lawo? Chaka chotsatira njala ya 2016 ija. Iwe unali ku Zomba nthawi imeneyo, mwina unangomva mbali imodzi. Malume anaona mmene chimanga chinakwerera nthawi ya njala, kuno ku Joni nako chimanga choyera chinadutsa R5,000 pa tani mu Januwale 2016, ndiye iwo anati ulendo uno sindigonanso. 2017 anthu atakolola, m'mawa uliwonse ankakwera njinga kupita pa Mitundu, kukakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi sitolo ya bwana wina wogula mbewu, kope la ana asukulu m'manja, bolopeni kukhutu, kuwerenga malole. Lero alowa atatu, mawa asanu, kulemba. Madzulo kubwera kunyumba kudzatiwerengera ngati nkhani za pa wailesi, amvekere "ana inu, wamkulu sagula chinthu chopanda phindu, akaunjika chonchi ndiye kuti akudziwa kanthu." Akazi awo kuwaletsa, iwo ayi, mpaka anagulitsa ng'ombe ya pangolo, yakuda ija, ee yomwe inakuthamangitsa kudambo iwe ukulira, nkugula matumba 60... kapena 65, azakhali andikonza, nkuwaunjika kuchipinda kwa anyamata ife tikugona pakhonde.

Ndiye kudikira. Okutobala, mtengo uli pansi. Disembala, uli pansi. Chaka chimenecho chimanga chinachuluka dziko lonse, wogula ankachita kunyada. Anankafumbwe ndiwo anapeza phwando, usiku ukagona umamva chipinda chonse chikulira tseketseke. Tsono chomwe chinawapweteka kwambiri malume si mtengo ayi, ndi tsiku lomwe anacheza ndi dalaivala wa lole imodzi ija pa tiyirumu. Dalaivala anawauza kuti akulu, bwana uja sankasunga chimanga kudikira mtengo, anali atagwirizana kale ndi ogula a mutauni, mtengo anamvana asanagule ndi thumba limodzi lomwe, malole omwe munkawerenga masana aja usiku ankatuluka. Malume anabwera, kope lija anayatsira mbaula, osalankhula ndi munthu masiku awiri. Mpaka lero ukangotchula mawu oti lole pamaliro amasuntha mpando.

Eee ndasokera. Open interest. Iyo ndi chiwerengero cha makontrakiti omwe adakali otsegula, omwe sanatsekedwe, kontrakiti kutanthauza pangano loti mudzagulana katundu mtsogolo pa mtengo womwe mwamvana lero. Tiyerekeze pa JSE, msika waukulu wa kuno ku Joni, mbali ya mbewu yomwe anthu amaitchabe SAFEX, kontrakiti imodzi ya chimanga choyera ndi matani 100, kwathu tinganene matumba 2,000 a makilo 50. Ine ndikagula yatsopano iwe nkugulitsa yatsopano, open interest yakwera ndi imodzi. Ndikaipatsira munthu wina mawa, volume, ndiye kuti chiwerengero cha makontrakiti omwe anthu agulana tsikulo, yakwera koma open interest ili pomwepo, angosintha mwini. Tonse awiri tikatseka, yatsika. Ndiye anthu amati mtengo ukamakwera nayo ikukwera, ndalama zatsopano zikulowa, kukwerako kuli ndi mphamvu. Mtengo ukamakwera iyo ikutsika, kawirikawiri ndi aja anagulitsa akuthawa, akugulanso kuti atseke, moto wamapesi. Zimenezo nzoona ndithu, sindikutsutsa, ine ndimaiyang'ananso.

Koma taona apa. Kontrakiti iliyonse ili ndi anthu awiri, wogula ndi wogulitsa, sizingatheke kuti ogula achuluke kuposa ogulitsa. Ndiye nambala ikakwera ndi 5,000, wamkulu ali mbali iti? Mwina mbali zonse ziwiri. Kampani yogaya ufa ikugula kuti itseke mtengo wa chimanga chomwe idzafune mu Julayi, mlimi wa ku Free State akugulitsa kuti atseke mtengo wa chomwe chili m'munda, onsewo sakulosera kanthu, akungodziteteza, mtengo ukagwa wogaya uja waluza pa pepala koma chimanga chenichenicho agula motchipa, iwe wotsatira ulibe chigayo. Komanso kontrakiti ikamayandikira kutha nambala imagwa yokha chifukwa anthu akusamukira mwezi wotsatira, wosadziwa amakuwa kuti akuluakulu athawa. Ku ma options, makontrakiti okupatsa ufulu wogula kapena kugulitsa pa mtengo wakutiwakuti osakukakamiza, ndiye kovuta kuposa, uona makontrakiti ataunjikana pa mtengo umodzi, osadziwa kuti ndi kubetcha kapena ndi inshuwalansi ya katundu yemwe munthu ali naye kale.

Chomwe chimayandikira pang'ono funso lako ndi lipoti la COT (Commitments of Traders) la ku America, amatulutsa a CFTC, bungwe la boma loyang'anira misika imeneyi kumeneko. Lija limagawa, awa ndi alimi ndi amalonda, awa ma swap dealer, kawirikawiri mabanki akuluakulu, awa managed money, ndiye kuti ma fund, oyendetsa ndalama za anthu ena. Pamenepo umaonako ndithu kuti ma fund atsamira kuti pa chimanga cha ku Chicago, golide, mafuta. Koma limatuluka Lachisanu, kwathu kuli usiku kale, ndipo manambala ake ndi a Lachiwiri. Masiku atatu msuweni, anthu amenewo pa masiku atatu atha kutembenuka iwe ukadali kuwerenga.

Ndiye chomwe ndikufuna kunena... mmm, ndinene bwanji. Open interest imakuuza kuti malole alowa. Sikuuza kuti katunduyo ndi wa ndani, nanga anagwirizana zotani asanalowe. Ndi kope la malume lomwe lija, kungoti lili pa foni. Ndipo ka app kako kaja, usakane, ndinaona sikirinishoti pa status yako Lamlungu, kaja ndi ka forex ya CFD, kubetcha pa mitengo ya ndalama zakunja osagula ndalama zenizenizo, kumeneko kulibe msika umodzi wowerengera makontrakiti onse ngati Chicago kapena JSE, manambala omwe amakuonetsa nthawi zambiri ndi a makasitomala a broker yekhayo, kampani yomwe unatsegulako akaunti ija, anthu ngati iwe ndi ine, osati mabanki. Ndiye ukhala pansi pa mtengo kuwerenga malole a pa sitolo ina, chimanga ukugula kwina, aaa iwe.

Ndibwerezenso poti umamva ndi khutu limodzi ngati agogo aamuna. Nambalayo imaonetsa kuti anthu alowa, mbali yomwe wamkulu waima ndi chifukwa chake sionetsa. Ukafuna kuphunzira, tenga kope, ee kope, lemba mtengo, volume ndi open interest tsiku lililonse miyezi itatu osaikapo ndi tambala yomwe, kenako tidzakambirane. Koma ya malata ija isiye, mvula ikubwera ndipo chipinda cha amayi chikudontha pakona paja, ndinaika beseni ndekha mu Disembala.

Basi batire ikutha. Wina asawatumizire malume voisi iyi chonde, ndikudziwa ali pa gulu lina lija la mpingo. Ndipo msuweni, jekete langa lija unabwereka pa ukwati, ndikulifunabe.