Chivundikiro chabedwa pamsika, tikanene kwa ndani?

Achemwali, pepani ndithu. Mwati dzenje la pafupi ndi msika lili pululu chibedwereni chivundikiro chake, mwana wanu wangotsala pang'ono kugweramo, ndiye mukufuna kudziwa mwini wake.

Yambani mwasuzumiramo. Mukaona paipi ya madzi akumwa, limenelo ndi la a Southern Region Water Board. Iwotu udindo wawo umathera pamita, kuchoka apo kulowa m'nyumba ndi zanu. Likakhala la ngalande kapena kalavati ya m'mbali mwa M1, msewu wodutsa pa Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje uja, eni ake ndi a Roads Authority. Koma poti mwatchula msika, ine ndikuona kuti ndi la khonsolo. Msika ndi wawo, ndiwo amadulitsa matikiti tsiku ndi tsiku, choncho musachite manyazi pokawauza.

Za zonyansa ndi nkhani ina. Kuchigwa cha Shire kuno ambirife tilibe mapaipi a zonyansa ngati a ku Blantyre. Tili ndi zimbudzi zokumba ndi masepitiki, ndipo izi ndi za mwini puloti. Ngati mukuchita lendi, sepitiki ikasefukira ndi alandilodi ayenera kuipopetsa. Akamazemba kauzeni mlangizi wa zaumoyo. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Chimandiwawa ine n'chakuti kwathu kuno ndi kwa see, madzi sathamanga. Nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, mumsewu munali madzi a matope ofika m'mawondo, osadziwa pomwe pali nthaka ndi pomwe pali dzenje. Ndinaona ndi maso angawa wakabaza tayala lakutsogolo litalowa mungalande, mayi amene ananyamula n'kugwa ndi thumba lake la ufa. Ngalandeyo inali itadzaza mchenga ndi majumbo otaya ife tomwe.

Musapite nokha. Jambulani dzenjelo, lembani kalata ndi a komiti ya msika, mudzere kwa khansala wa dera lanu, kope ina musunge. M'kalatamo mupemphe chivundikiro cha simenti, chifukwa chachitsulo sichigona, amakachigulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Podikira yankho, lero lomwe uzani anyamata aikepo matabwa, atsindike ndi miyala ikuluikulu, azike ndi nthambi ya minga kuti oyenda usiku aone. Mvula ikangoyamba dzenjelo silionekanso.