Kuwerengera mwana The Pilgrim's Progress: poyambira ndi posamala

Mayi, mwafunsa ngati buku la John Bunyan lomwe munalikonda muli mwana lingathandizenso chikhulupiriro cha mwana wanu wa zaka 8. Lingathandize ndithu, koma nkhani yagona pa kawerengedwe.

Bukuli silinalembedwere ana. Linatuluka mu 1678, ndipo Bunyan, amene anakhala zaka 12 m'ndende ku Bedford chifukwa cholalikira popanda chilolezo, anaikamo zokambirana zitalizitali za chiphunzitso. Zimenezo dumphani, kapena pezani lofupikitsidwa la ana. Muziwerenga mokweza mphindi 10 kapena 15 madzulo, n'kulekeza pamene zinthu zafika povuta, kuti mawa akukumbutseni yekha. Mupatseninso pepala azijambula njira imene Mkhristu, mwini nkhaniyi, akuyenda kuchoka kwawo atasenza katundu kupita ku mzinda wakumwamba: chithaphwi, kachipata, mtanda, mtsinje.

Pamene makolo ambiri amalakwitsa ndi pomasulira chilichonse. Mukangoti "katunduyu ndi machimo, thopeli ndi kutaya mtima", mwana amaona ngati wabwerera ku Sande sukulu, chidwi n'kuthera pomwepo. Funso limodzi likukwana: "Iweyo ukanatani pamenepa?"

Buku lotere limagwira ntchito mochedwa. Mwana amasunga zithunzi, tanthauzo limadzamupeza atakula. Taonani pamene Mkhristu ndi mnzake atsekeredwa ndi chimphona china m'ndende yamdima, kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka usiku, osadya, akumenyedwa, chimphonacho chikuwauza kuti angodzipha. Atapemphera usiku, Mkhristu akukumbukira kuti pachifuwa pake pali kiyi wotchedwa Lonjezo, ndipo anali naye masiku onsewo. Munthu amene anamva zimenezi ali wamng'ono, ntchito ikadzamuthera kapena maliro akadzamugwera, amadziwa kale kuti wokhulupirira amathanso kufooka chonchi, komanso kuti pothawira ndi pa malonjezo a Mulungu. Gawo limeneli musalithamangire, ngakhale litenge masiku atatu, koma mawu onena za kudzipha muwafewetse.

Malo awiri mukonzekeretu. Koyambirira Mkhristu akuthawa atatseka makutu, kusiya mkazi ndi ana, ndipo mwana angaope kuti nanunso mudzamusiya. Muuzeni tsiku lomwelo kuti m'gawo lachiwiri, la mu 1684, mayiyo ndi ana ake anayi akutsatira njira yomweyo. Kwina ndi kumapeto kwa gawo loyamba, kumene munthu wina akukanidwa pachipata cha mzinda n'kuponyedwa kuchionongeko. Kwa wa zaka 8 lekezani pamene Mkhristu walowa mumzinda. Tsamba lotsalalo adzaliwerenga akasinkhuka.